Kachoso pa Tembusha

Lolemba, 9 Juni

Kuzizira. Tembusha wa pamwala kuseri kwa nyumba waphuka, mapesi asanu ndi awiri, maluwa ofiira. Kachoso kabweranso kudzamwa timadzi ta m'maluwa ndi kamlomo kake kopindika. Ndiye kuti ba Reuben nawonso abwera ndi kamera.

Chaka chatha anabwerera kambalameka. Chaka chino akuti abwerera ine. Amalume awo adzabweretsa mbale pa 12 Julaye kudzandifunsira. Ba Reuben ndi munthu wa ku Lusaka, wa ku ofesi ya zankhalango paboma. Ine wolekezera giredi 6. Amai akuyenda ngati avala nsapato zatsopano.

Za khunyu sakudziwa. Mapiritsi ndimabisa m'chitini cha nthanga za maungu. Zaka ziwiri tsopano osagwa. Amai anandiuza kale: "Woyamba uja anathawa chifukwa cha lilime la anthu. Uyu asathawe chifukwa cha lako."

Lachitatu, 11 Juni

Ba Reuben abwera ataweruka, njinga yamoto ikutsokomola monga mwa masiku onse. Chikwama chatsopano. M'kati timabokosi tiwiri takuda, akuti fulashi. Timang'anima ngati mphezi kamera ikalira. Ndinadabwa. Dzuwa lilipo, nyali ya chiyani? Akuti kachoso kakaima m'malere pa duwa, mapiko amathamanga kwambiri, pa chithunzi amatuluka ngati utsi. Fulashi ndiyo imawaimitsa, nthenga iliyonse n'kuoneka. Chaka chatha anajambula zithunzi zambirimbiri, cha mapiko panalibe.

Fulashi imodzi anaiika pa mwendo wachitsulo woimikirapo. Inayo mwendo ukutsetsereka pamwala. "Edness, inu manja anu ndi odekha, komanso simulankhula. Mbalame singakuopeni." Anaseka. Ndinalandira. Ndikanati chiyani?

Dzanja lamanja fulashi, lamanzere katoni yopaka utoto wobiriwira, kuigwira kuseri kwa duwa. Kuima osagwedezeka pafupifupi ola. Kachoso katafika, kung'anima kanayi motsatizana, pafupi ndi nkhope. Ndinatsinzina.

Ndakumbuka minibasi ija yopita ku Chinyunyu. Dzuwa lam'mawa likuphethira pakati pa mitengo, kuwala, mthunzi, kuwala, mthunzi. Ndinatsitsimuka ndili gone m'mbali mwa msewu, chitenje chitanyowa, anthu ataima patali atatseka mphuno kuopa kutengera. Kugwa kwanga komaliza n'kumeneko.

Loweruka, 14 Juni

Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kutentha. Mikono ngati si yanga.

Iwo akusangalala ngati mwana. "Mwaona m'mene kanatembenukira?" Ndinagwedeza mutu. Sindinaone kanthu. Chiyambire fulashi, kachoso sindinakaone kakuuluka ngakhale kamodzi. Ndikangomva kulira kwake ndimatsinzina.

Anandionetsa kuseri kwa kamera. Phiko limodzi labwino, nthenga zake ngati zala. Linalo ladukira kunja kwa chithunzi. Akuti tatsala pang'ono. Tatsala, akutero, ngati ntchito ndi yathu tonse. Mawu amenewo ndinawakonda. N'chimene chikuvuta.

Mutu wawawa masana onse. Amai atabwera kogulitsa mbatata kumsewu ndinawauza za kung'anima. "Uzitsinzina basi."

Lamulungu, 15 Juni

Misa itatha ku Mpanshya ndinadikira ba Salome, anesi amene amandipatsa mapiritsi. Ndinawatsatira mpaka pamene anasiya njinga. Anayamba okha kundifunsa.

Akuti kung'anima sikugwetsa aliyense wa khunyu, koma ine za minibasi zija zinatiuza kale. Kutsinzina sikuthandiza, kuwala kumadutsa m'zikope. Zikandipeza mwadzidzidzi nditseke diso limodzi ndi chikhatho, ndiyang'ane kumbali. Koma chabwino n'kusaimapo konse.

"Mwamunayo wamuuza?" Ndinayang'ana nsapato zawo. "Tsiku lina ukadzagwera pa mbaula m'nyumba mwake, iye osadziwa chochita, amai ako adzakhala ali kuti?"

Chikhatho. Manja ndili nawo awiri okha, ndipo onse ba Reuben anawapatsa ntchito.

Lachitatu, 18 Juni

Zachitika. Pang'ono, koma zachitika.

Kachoso kanabwera katatu motsatizana. Kachitatu m'kamwa munamveka chitsulo, ngati ndanyambita supuni yakale. Ndimachidziwa chimenecho. Kenaka palibe. Kenaka fulashi ili pamwala, galasi lake litang'aluka, ba Reuben atagwada akuitola. Ine ndili chiimire, katoni idakali m'dzanja. Panapita nthawi yotani sindikudziwa.

Sanaone. Diso linali pa kamera.

"Mwasinza? Kapena mwatopa nane tisanayambe n'komwe?" Sanakwiye. Anaiyesa, ikuyakabe. Ndinati dzanja linachita dzanzi.

Mabodza enawo anali a kukhala chete. Ili ndi loyamba lotuluka pakamwa.

Lachinayi, 19 Juni

Ndawauza Amai. Anatenga chikwanje, ulendo kumwala. Ndinawapeza atadula kale mapesi awiri.

"Maluwa akatha mbalame ichoka, zong'animazo zitha. Tidzati ndi mbuzi."

Ndinagwira mpini wa chikwanje. Sindinachitepo zotere kwa Amai. Tembusha ameneyu anabzala ndi malemu Atate, wothira m'madzi a nkhuku. Koma sindinagwire chifukwa cha Atate. Ndatopa. Lero mbuzi, mawa chiyani? Mapiritsi ndidzawabisa m'chitini cha nthanga m'nyumba ya mwini mpaka liti?

Amai analira. "Masabata atatu okha, mwana wanga." Ndi iwowa anandibereka kumsana mpaka kuchipatala ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, anthu akuwapatuka m'njira. Sindingawade.

Mapesi asanu atsala. Awiri aja ndawataya m'dzenje.

Lachisanu, 20 Juni

Uthenga wa ba Reuben pa foni. Abwereka fulashi yachitatu kwa mnzawo wa ku Lusaka, yafika pa basi. Mawa aika kamera kuti ikangokhudzidwa kamodzi izijambula kakhumi motsatizana. Maluwa ayamba kuthothoka chapansi, akuti mawa ndi mawa.

Kakhumi. Mafulashi atatu.

Ndayeserera mawu potunga madzi. Ba Reuben, ndili ndi matenda. Ba Reuben, pali chimene simukudziwa. Pamjigo amatuluka bwinobwino.

Loweruka, 21 Juni

Pamaso pawo sanatuluke.

Ndinangoti lero sindigwira. Anandiyang'ana, sanafunse. Anafunsa za mapesi awiri. Amai anafulumira kunena za mbuzi, ine maso pansi. Ba Reuben anagubuduza mtondo mpaka pamwala, n'kumangirira fulashi ziwiri pamenepo ndi mphira. Yong'aluka ija anaisiya m'chikwama, akuti ipume. Katoni anaitsamiritsa pa mpando.

Ine m'khitchini, nkhope kukhoma, kusenda mtedza. Kamera ikulira ngati makina osokera. Kenaka ndinamva akuitana dzina langa. Chatheka. Mapiko onse awiri otambasuka, mlomo m'duwa, pakhosi pobiriwira ngati botolo. Akuti adzachitsukitsa chachikulu, chidzakhale pakhoma m'nyumba yathu. Anati yathu.

Pamene ankamwa tiyi ndi Amai, ndinatenga khadi langa la kuchipatala. Pali dzina langa, dzina la matenda m'Chingerezi, masiku onse chiyambire ndili mwana, ndi tsiku lobwererako, 3 Julaye. Ndinalikulunga pa fulashi yong'aluka, n'kumanga ndi mphira, n'kutseka chikwama.

Anapita akuimba mluzu, chikwama kumsana.

Lolemba, 23 Juni

Palibe uthenga. Foni ndakaitchajitsa kawiri pa kantemba, ngati vuto ndi batire.

Mwina sanatsegule chikwama.

Lachitatu, 25 Juni

Lachitatu sadumpha. Lero sanabwere.

Atsegula.

Ndawauza Amai chimene ndinachita. Anakhala pakhonde nthawi yaitali akusankha nyemba zosankha kale. Madzulo anandipatsa chakudya osandiyang'ana.

Kachoso ndakamva kuseri. Sindinapiteko.

Lachisanu, 27 Juni

Amai alankhula lero, tikuchapa. "Mbale zikapanda kubwera, usadzalire pagulu." Patapita nthawi anawonjeza kuti, "Bola wamva kwa iwe, osati kumsika." Kenaka anandikalipira kuti ndikuwononga sopo.

Loweruka, 28 Juni

Abwera. Chikwama palibe, kamera yokha m'khosi. Maso ofiira ngati munthu wosagona.

Anapereka moni kwa Amai, wautali, wa ulemu wonse. Kenaka kumwala. Anandilozera pokhala pambali pawo. Ola lathunthu osalankhula. Ine kukhala chete ndinazolowera, koma kwa iwo ndinali ndisanakumvepo.

Kachoso kanafika. Ndinayamba kutsinzina, n'kukumbuka kuti palibe chong'anima. Ndinakaona. Kamaima m'malere pang'ono chabe, kamchira kakugwedera, kenaka kamatera pa phesi n'kuzendewera chadodolido. Kali ndi ufa wachikasu pamphumi. Kakang'ono kuposa m'chithunzi. Ba Reuben anajambula kamodzi. Mapiko utsi wokhawokha.

Ponyamuka anatulutsa khadi m'thumba la malaya, litawongoledwa bwino.

"Katatu konse munaima pamenepo. Ndikanakugwetserani pamwala ndi manja anga, ine ndikuseka." Anandipatsa khadilo. "Matenda sindinakwiye nawo. Ndakwiya kuti munandisiya ndichite zimenezo."

Ndinati pepani. Linatuluka limodzi lokhalo.

Akuti mawa apita ku Lusaka kukauza amai awo ndi amalume. Safuna kubweretsa mbale zobisa kanthu. Chimene akanene akuluakuluwo sakuchidziwa, ndipo sanandinamize kuti akudziwa. Amai awo ndi munthu wouma mtima, anakanapo kale mkazi wa mkulu wa ba Reuben pa nkhani yochepa.

"Khadi likuti Lachinayi. Zikakayenda bwino ndidzakutengani seveni koloko. Ndikufuna anesiwo akandiphunzitse chochita mukagwa."

Zikakapanda kuyenda bwino, sananene.

Lachiwiri, 1 Julaye

Chete. Mapiritsi atsala a masiku atatu. Ndawachotsa m'chitini cha nthanga, ali pawindo.

Lachinayi, 3 Julaye

Ndasamba kale, madzi ozizira ngati mpeni. Khadi lili m'thumba.

Seveni yakwana. Yapitirira ndi mphindi khumi.

Phesi limodzi lokha ndilo latsala ndi maluwa, akumwamba okha. Kachoso kalipo. Mawa kapena mkuja kapita.

Amai akuti ndisataye nthawi, nditenge njinga yakapalasa, mzera kuchipatala umatalika. Akunena choncho koma sanapite kumsewu ndi mbatata. Akusesa pabwalo posesa kale.

Mphindi makumi awiri ndi zisanu. Njinga zamoto ziwiri zadutsa kumtunda, zonse zolira bwino. Si zawo.

Ndikapita ndekha si kanthu. Ndapita ndekha zaka zonsezi. Ndiwerenga mpaka zana, kenaka ndipopa njinga.

Ina ikubwera. Yafika pa kamlatho.

Yatsokomola. Amai asiya tsache.

Yatsokomolanso. Nsapato inayo ndaiika kuti?