Mawu Achisanu mu Kompyuta ya pa Esiteti

Chitakale, Mulanje
14 Febuluwale 1990

Okondedwa achimwene a Winston,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi alamu ndi khanda lija. Kuno mvula ikugwa mosalekeza, tiyi wachuluka. Kalatayi sindinaiponye ku positi, ndapatsira a Dinala a lole. Mukawerenga muiotche.

Mukudziwa kuti nditabwerako ku kosi ya makompyuta ku Blantyre anandipatsa kompyuta ya mu ofesi ya esiteti. Pulogalamu yosunga mayina a antchito ndinalemba ndine, m'chinenero chotchedwa Pascal. M'chinenerochi munthu umatha kupanga mtundu wakowako wa mawu, nkuwandandalika, ndipo makina salola mawu ena kupatula amenewo. Ine ndinaika anayi: Alipo, Akudwala, Patchuthi, Anachoka. Koma makinawo sasunga mawu, amasunga malo ake pamzere, kuyambira ziro. Wodwala kwa iwo ndi nambala wani basi.

Lolemba ndinapeza a Lackson, akalaliki anzanga amene amasunga kiyi wachiwiri, ataima pa makina osindikizira ndi bambo wina wa suti yotuwa. Bamboyo sananene dzina. Atandiona anapinda pepala nkutuluka.

Ndinafunsa kuti, "Alendowa ndi akuti?"

A Lackson anati, "Ndi za akuluakulu izi, Stella. Inu pitirizani ntchito yanu."

Masana atapita kukadya ndinatsegula pulogalamu. Mawu anga aja anali asanu. Wina anawonjezera akuti Ofufuzidwa, koma anawalowetsa pakati, kutsogolo kwa Akudwala. Ndiye onse anasuntha: wapatchuthi anasanduka wodwala, wochoka anasanduka wapatchuthi, ndipo wodwala aliyense anasanduka wofufuzidwa. Nditasindikiza mndandanda wa ofufuzidwa panatuluka mayina 41. Dzina la amayi linali lachisanu ndi chiwiri.

Poyamba mtima unakhala pansi, ndinati ndi umbuli chabe wa munthu wosadziwa makina. Paja amayi anadwala malungo mwezi watha. Mawu achilendowo ndinawasunthira kumapeto, onse 41 nkubwerera kukhala odwala. Sindinauze aliyense. Ndikudziwa kuti ndinalakwa kugwira zimene sindinatumidwe, koma mukanakhala inu mukanatani?

Dzulo a Lackson anafuna kusindikizanso, pepala linatuluka loyera. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Makinawa alipo amene wawagwira?"

Ndinati, "Amachita choncho kukakhala chinyezi."

Anangoseka pang'ono, nkundifunsa ngati amayi amapitabe kumanda kwa agogo kutsidya kwa malire a Muloza. Achimwene, nkhani imeneyo ine sindinawauzepo.

Ndinapita kwa a Rosemary, anamwino a pa esiteti, ngati ndikufuna mankhwala a mutu, ndipo ndinasuzumira m'buku la odwala. Muli anthu 38. Ndiye atatu sanalowe mwangozi, alipo amene anawalemba dala. Awiri ndi amuna a ku Chonde amene ali ndi abale othawa nkhondo kunyumba kwawo. Wachitatu ndinamufuna mpaka ndinakumbukira kuti amayi anachira pa 2 Febuluwale, ndipo ndine ndemwe ndinawabwezera pa Alipo tsiku limene anayambanso kuthyola tiyi.

Sindikudziwa ngati ndi a Lackson okha kapena pali wowatuma. Mwina ndi akapitawo aja anakangana ndi amayi za mzere wa tiyi. Pepala loyamba lija lili m'thumba la bambo wa suti, ndipo limenelo sindingalisinthe.

Amayi sindinawauze kanthu. Ndawauza kuti alamu akufuna wowathandiza kulera khanda, ndipo inuyo ndi amene mwawaitana. Chonde musanditsutse. Akwera basi Lachisanu, mukawachingamire. Akayamba kudandaula za chimanga chawo, muwauze kuti ndikupalira ine. Musawalole kubwerera mpaka nditalemba ndekha, ndi dzanja langa lino.

Moni kwa alamu. Khandalo mulipsompsone m'malo mwanga, ndipo mukamapemphera madzulo muzinditchula dzina. Mawa ndipita kuntchito monga mwa masiku onse.

Ndine mlongo wanu,
Stella Makawa