Tataya Dokotala Felton Mhango, Amene Anamwera M'kapu ya Ulusi Wofiira

Kwa Mayi Lucy Mhango, ana ndi abale onse ku Lilongwe ndi ku Rumphi, komanso kwa onse amene uthengawu uwafike,

Bungwe la Odwala Mphumu ndi Nyamakazi mumzinda wa Lilongwe lalandira ndi mantha ndi chisoni chachikulu uthenga wakuti Dokotala Felton Mhango, mlangizi wathu, atisiya Lachiwiri lapitali atadwala nthawi yaitali. Ngakhale tinkaona kuti thupi likutha, mitima yathu inkakana, ndipo mpaka lero ikukanabe.

Malemuwa anafika kuno likulu likusamuka kuchoka ku Zomba, mathirakitala akugumula tchire, fumbi lofiira lili koboo kuyambira ku Capital Hill mpaka ku Old Town. Anthu ambiri anayamba kutsokomola ndi kubanika, ndipo masiku amenewo aliyense wotsokomola ankangomuweruza kuti ali ndi chifuwa chachikulu, kapu yake n'kuimanga ulusi wofiira kuti wina asamwere. A Mhango sankathamangira kuweruza. Ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ankakhala pa makina oonera tizilombo akuyeza makhololo ndi magazi mpaka wodwala kuyesa kuti amuiwala. Mwa ambiri sankapezamo kachilombo ayi, koma asilikali a m'thupi momwemo ataunjikana, atayesa fumbi ngati mdani, akuitanizana mpaka njira za mpweya kutupa. Zinkatigwira mtima kumva kuti thupi lingadzipweteke lokha pofuna kudziteteza, ndipo zikutizizwitsabe kuti munthu anaziona ndi maso.

Sitingaiwale za Mayi Janeth Nyirenda, mmodzi wa oyambitsa bungweli, amene panthawiyo anali mtsikana wotayipa ku Capital Hill. Ukwati wawo ndi a Donald unali pafupi pamene akuchimuna anauimitsa, ponena kuti sangalowetse chifuwa chachikulu m'banja. Janeth ankalira mobisa, ndipo kulirako kunkangowonjezera kubanika. A Mhango atamuyeza anapeza kuti ndi mphumu, koma anadziwa kuti chikalata cha dokotala sichingasinthe mtima wa nkhoswe. Anaitanitsa nkhoswe yakuchimuna, a Lemson, nawakhazika pa makina aja kuti aone okha. A Lemson anasuzumira, diso lina atatsinzina, kenaka anati iwo akungoona timadontho tofiira, ndipo timadontho sitikwatitsa munthu.

Loweruka lake adokotala anapita ku Area 4 kwa azakhali ake a Janeth, kumene mbali zonse ziwiri zinakumana kuti zithetse nkhaniyo. Tiyi atabwera, iwo anapempha kapu ya Janeth imene inali payokha pawindo, yomangidwa ulusi wofiira, nauza Janeth kuti amweko kaye. Atatero, adokotala anailandira ndi manja awiri, namwa mpaka kugugudiza.

"Bambo Lemson," anatero, "inenso ndili ndi ana kunyumba. Mukuganiza kuti ndingawatengere imfa?"

A Lemson anatambasula dzanja napempha kuti awathirire m'kapu yomweyo. Ukwati unachitika mwezi wotsatira.

Chotipweteka n'chakuti matenda amene atenga a Mhango ndi a mtundu womwe ankatiphunzitsa, pakuti asilikali a m'thupi mwawo anaukira mfundo ndi impso zawo. Anazindikira okha poyeza magazi awo, ndipo zala zitapindika ankapempha anzawo kuti awapotozere makinawo, iwo n'kumayang'anabe za odwala ena.

M'malo mwa mamembala onse, tikupepesa kwa inu Mayi Mhango ndi ana, ndipo tikupempha Chauta kuti akulimbitseni m'masiku owawawa. Tidzaperekeza maliro mpaka ku Rumphi. Mayi Janeth, amene tsopano ali ndi ana awiri, apempha kuti adzakutumikireni pasiwa, ndipo akuti tiyi wanu adzakuthirirani m'kapu ija. Ulusi sanauchotse mpaka lero.

Mzimu wa malemu Dokotala Felton Mhango uuse mumtendere.

Ine m'chisoni,
Lawford Chirwa
Wapampando