Chifukwa Chake Sindinagule Pikapu

Achimwene,

Kuno tilipo, kaya inu kumeneko.

Ndamva kuti mwakwiya poti sindinagule pikapu. Zoona, matabwa ndikuchita kumangirira padenga, akalipentala anzanga n'kumandiseka. Chigalimoto chotseka ndagulachi chinayenda kale makilomita 380,000, ndipo chimamwa oyilo ngati tiyi.

Koma mipando yakumbuyo imapindika. Ndimayalamo matiresi, bambo n'kugona bwinobwino popita kuchipatala Lachiwiri lililonse, osanyowa, osapsa ndi dzuwa. Papikapu ndikanawagoneka pati, pamatabwa? Iwo amangoseka, akuti galimotoyi ndi mnzawo poti onse amayamba ndi kutsokomola m'mawa.

Sabata yatha adokotala anandiitanira pambali. Zimenezo si zolemba m'kalata. Tchuthi chanu chija musadikire Disembala.

Ndine mng'ono wanu.