Musayatse Mababu a Pakhonde

Achimwene,

"Fyuzi mbali zonse ziwiri za thiransifoma!" munatero dzulo. Ine ndinati imodzi yakwana, magetsi otuluka mu thiransifoma ndi ofooka, sangalume munthu. Inu munati saluma munthu koma amawotcha waya. Chabwino, mwawina, koma musaseke mokweza.

Mutapita kuntchito ndinalumikiza mababu khumi ndi awiri pakhonde ndi kawaya kopyapyala kaja ka m'katoni. Abale inu, anayaka ngati nyenyezi zatsika kudzandiona! Ndinavina ndekhandekha, pulayala ili m'manja. Kenaka ndinamva fungo la pulasitiki. Mawaya awiri anakhudzana kuseri kwa chitseko, fyuzi ya mbali yolowera magetsi inangokhala phee, ndipo poti ku mbali ya mababu kunalibe ina, kawaya kanasungunuka ngati kandulo. Nyumba ili bwinobwino, khoma lokha ndi lomwe lamera ndevu zakuda.

Ndazimitsa zonse. Chonde musakhudze swichi yomwe ndamatapo tepi yofiira. Ndathamangira ku hadiweya kukatenga fyuzi yachiwiri ndi waya wonenepa, wa saizi yomwe buku lanu la malamulo a magetsi limanena. Thiransifoma ili patebulo, muyiyeze ngati ikadali moyo.

Pepanitu. Komanso ndinakunamizani kuti mababuwa ndi oopsezera akuba. Mwana wamkazi wa atelala uja amadutsa pano Loweruka lililonse madzulo. Ndikufuna aime, ayang'ane m'mwamba, afunse kuti wakonza zokongolazi ndani. Mundithandize kulumikiza bwino lero lomwe, koma akadzafunsa, inu mudzakhale chete.

Mng'ono wanu