Achotsa thabwa la a Mayi Jacobs

Loweruka, Seputembala, ku Wynberg. Ndapsa mtima mpaka yunifolomu kundithina.

Lero kunabwera alendo odzaona nyumba zakalezi, zomwe mpingo unamangira akazi amasiye a abusa. M'mamawa a komiti yosamala zakale anachotsa thabwa lomwe ndimatsitsirapo njinga ya olumala ya a Mayi Jacobs, amene ndimawasamalira. Akuti likuipitsa zithunzi. Munthu wosayenda akhale m'nyumba mpaka Lolemba, bola sitepe yamwala ioneke bwino. Chonsecho Loweruka ndi tsiku lawo lokaika maluwa pamanda a abusa, malemu amuna awo, ndipo sanajombepo.

Ndinati ndilankhulepo. Bambo wina wa komiti, wachipewa ngati lichero, anandiyankha kuti sitepeyo ndi chuma cha dziko. Digiri yanga yonseyi, lero ndaphunzira kulemekeza mwala. Eni nyumba ali moyo, koma ulemu akulandira ndi mazenera ndi denga.

Mayiwo sanakangane ndi munthu. Anangoti, "Tadala, ndikankhire pakhomo. Usandipese." Anakhala pomwepo atavala zogonera, mano ali m'kapu, maluwa pamiyendo. Aliyense wokweza kamera ankamumwetulira ndi nkhama zokhazokha, n'kumufunsa ngati angawabereke mpaka kumanda.

Tiyi asanaphikidwe, wachipewa uja anabwezera thabwa yekha, thukuta lili kamukamu. Kumanda tapita.

Pobwera ndamumva wachipewa uja akunong'oneza mnzake kuti chaka chamawa adzawapititse mayiwo kunyanja tsiku la alendo. Ndawauza mayiwo. Angoti tiona amene ayambe kuchoka pano, iwo kapena komiti.