Chikwanje Chimene Ndinatola Paphulusa

Okondedwa achemwali,

Kaya mwadzuka bwanji kutaliko? Ine ndilipo, koma mitengo ya paini ya abwana yapsa yonse. Atachotsa antchito khumi, ndinawauza kuti otsalawo sangathe kulambula njira zotchinga moto. Sanandimvere. Tsopano akuti poti kapitawo ndine, nditchule wotentha pofika Lachisanu, apo ayi ntchito yanga yatha.

Pamene panayambira motopo ndinatolapo chikwanje, chogwirira chake chomanga ndi waya wofiira. Inu mukuchidziwa. Alamu anga, amuna anuwo, anali mmodzi mwa ochotsedwa aja, ndipo moto utayaka ananyamuka kubwera kwanuko m'mawa mwake osanditsanzika.

Dzanja lolemba kalatayi ndi lobwereka, ndiye ndilekere pomwepa. Chikwanjecho ndinachikwirira. Muwauze asabwere kudzachifuna.

Ndine mlongo wanu,
kapitawo mpaka Lachisanu.