Yamikani wakana mfuti, achimwene adula fizi

Amayi, kumeneko mwadzuka bwanji?

Kuno tilipo. Mvula inachedwa koma chimanga cha m'munda wanu wa ku Chigumula chachita bwino, ngakhale akuba mondokwa anatithandiza kukolola mbali ya kumsewu. Mwana woyamba wa mng'ono wanga Rozina wachira, kwabadwa kamtsikana ndipo takapatsa dzina lanu. Mipope ku Chilobwe ikungotulutsa mphepo monga munaisiyira. Ine ndikadali pakhonde langa lija ku Limbe, kupalasa makina osokera. Nkhani zabwino zathera pomwepa. Zotsalazi ndikulemba mtima ukuwira, ndipo musandiuze kuti ndiugwire.

Mwana wanu woyamba, achimwene a Zuze, amudulira fizi Yamikani. Mwana wanga anatsala ndi chaka chimodzi kuti amalize maphunziro a zamagetsi ku koleji, ndipo anzake atatsegulira iye anangokhala pakhomo.

Munanena nokha kuti lendi ya nyumba zanu za ku Chilobwe iziphunzitsa adzukulu. Makiyi munasiyira achimwene poti ndiwo eni mbumba. Apa pokha, amayi, munalakwitsa. Munthu anapuma usilikali kalekale koma amatiyankhulabe ngati tili pa perete. Atamva kuti kukulembedwa asilikali atsopano, anatiitana tonse kwawo ku Chirimba Lamulungu titaweruka ku tchalitchi. Anakhazika pansi Yamikani ndi Dalitso, mnyamata wa Rozina, n'kunena kuti onse awiri akalembetse, chifukwa ophunzira amakwera msanga.

Dalitso ndiye anayamba. Paja analowa mpingo uja woletsa kugwira mfuti. Anati, "Amalume, mpingo wathu sulola." Achimwene anangoti tsonyo, kenako n'kuti, "Za Mulungu ine sindilimbana nazo. Pitiriza sukulu."

Yamikani anati, "Amalume, nanenso sindipita. Sindingawombere munthu, kaya andilamule ndani."

"Iwe mpingo wako ndi uti?"

"Ndilibe. Mukudziwa kale kuti sindikhulupirira zoti kuli Mulungu."

"Nanga akukuletsa ndani?"

"Mtima wanga, amalume."

Achimwene anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Munthu wopanda Mulungu chikumbumtima angachitenge kuti? Amenewo ndi mantha basi. Ndalama za mayi anga siziphunzitsa wachikunja wamantha." Rozina anangoyang'ana pansi, poti mwana wake anali atawoloka kale.

Musaganize kuti ndikukondwera ndi kusapemphera kwa Yamikani. Kumandidya mumtima tsiku lililonse, ndipo korona wanga wachita kusalala chifukwa cha iyeyo. Koma taonani nokha. Anyamata awiri anena mawu amodzi pampando umodzi, wina akupatsidwa fizi, wina akuthamangitsidwa. Dalitso yemweyu ndi amene anagulula mnzake dzino ku mpira chaka chatha. Yamikani amene akutchedwa wamanthayu ali ndi chipsera pamphumi. Anachipeza pa depoti ya ku Limbe, anthu atagwira mnyamata woba foni, tayala ndi petulo zitabwera kale. Iye anaima pakati, mwala woponyera wakubayo n'kumupeza iyeyo. Opemphera analipo ambiri pamenepo, ena akujambula ndi mafoni awo.

Ndinawakumbutsa achimwene mawu anu aja. Nthawi zonse mukamakamba za tsiku limene tinathawa nkhondo ku Mozambique, munkati, "Amene anawombera bambo anu anali ndi korona pakhosi, ndinamuona ndi maso angawa." Ine ndinali kumsana kwanu, Rozina ali m'mimba, sindikumbukira kanthu. Achimwene anali mnyamata wamkulu, anaona zonse. Ndinawafunsa kuti, "Ngati chikumbumtima chimabwera ndi korona, cha munthu uja chinapita kuti?" Anandiloza chala n'kuti nkhani za nkhondo si za akazi. Nkhondo imene inu munatitulutsamo wapansi mpaka ku Mulanje, mapazi atatupa, lero akuti si ya akazi! Munkati pakamwa panga m'pamoto. Tsiku limenelo ndinayankhula mpaka alamu anatseka mawindo kuti aneba asamve.

Patapita sabata anatumiza uthenga woti afewetsa mtima. Akuti Yamikani apite ku tchalitchi, akagwade, akalape, kenako anene pamaso pa abale kuti wabwerera kwa Mulungu ndipo Mulunguyo ndi amene akumuletsa mfuti. Akatero, fizi ituluka m'mawa mwake, za usilikali n'kuiwalika. Mwamva, amayi? Usilikali sanali kuufuna kwenikweni. Akufuna mwana wanga agwade.

Ndinamuuza Yamikani kuti angonena, amalize sukulu, zinazo adzaziona atagwira pepala lake. Anandiyang'ana n'kuti, "Amayi, mukufuna ndikamunamize Mulungu wanuyo kuti ndipeze fizi?" Ndinamukwiyira nayenso. Makani akewo ndi anu enieni. Ndinamuuza kuti makani salipira koleji, iye anangonyamula ndowa n'kupita kukasaka madzi.

Tsopano imvani chimene ndakulemberani. Tinagwirizana pa banja kuti tikamaliza kukolola timange chiliza chanu, ndipo gawo langa linali simenti ndi matailosi. Ndinagula pang'onopang'ono, zinali zitaunjikana kuchipinda kwanga. Lachiwiri ndinagulitsa zonse kwa bambo wina amene akumanga ku Bangwe, ndipo Lachitatu ndinakwera minibasi ya m'tauni kukalipira teremu yoyamba ya Yamikani. Dzulo walowa m'kalasi. Ya teremu inayo sindikudziwa kumene idzachokere, koma mayunifomu a sukulu ndikusoka mpaka msana kuuma.

Ndiye chiliza chaka chino kulibe. Achimwene akuuza kale abale onse kuti Esinati wasiya mayi ake pansi pa mulu wa dothi chifukwa cha mwana wachikunja. Rozina sakuyankha foni yanga. Anene zimene anganene. Zimandipweteka ndikaganiza kuti mvula ina ikupezani pamanda opanda mwala, oyandikana nanu onse ali m'matailosi. Ndalira nazo, koma sindibweza.

Ndikukulonjezani kuti Yamikani akamaliza, chiliza chanu ndidzamanga ndekha, popanda kupempha thumba limodzi la simenti kwa achimwene. Ndimakukondani, amayi, ndipo ndimakusowani kwambiri masiku ano. Koma ngati mwakwiya ndi zimene ndachitazi, bwerani kwa ine kumaloto mudzandikalipire. Mwanayo musiyeni awerenge.

Ndine mwana wanu,
Esinati